Kwa mayi amene akuopa phokoso la ndege ku Lakenheath

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene apeza ntchito yosamalira okalamba m'chigawo cha Suffolk ku England, ndipo awauza kuti akafune nyumba m'mudzi wa Lakenheath, pafupi ndi bwalo la ndege zankhondo. Akufunsa ngati munthu wa ana awiri angakhale pamalo otero, komanso kuti pamudzipo pali chiyani. Mayi, kalata yanuyi ndinaiwerenga kawiri, chifukwa inandikumbutsa zaka zitatu zimene ndinakhala m'mudzi womwewo ndikugwira ntchito yonga yanuyo.

Ine ndinafika mu Novembala, nyengo imene dzuwa limalowa cha m'ma 4 koloko masana. Tsiku langa loyamba pantchito, ndikutsuka mbale kunyumba kwa agogo ena, ndege ziwiri zinanyamuka motsogozana, mawindo anagwedezeka, kapu inandipulumuka m'manja, ndipo ndinangozindikira ndanjuta pafupi ndi tebulo. Agogowo sanatembenuke n'komwe. Anali pakati pondiuza mmene amafunira tiyi wawo, choncho anasiya mawu pakati, nadikira kuti phokoso lithe, kenako anapitiriza pomwe analekezera. Umu ndi mmene anthu a pamudzipo amachezera, ndipo pasanathe miyezi iwiri nanenso ndinali nditazolowera. Ndegezi zimauluka kwambiri mkati mwa sabata. Loweruka ndi Lamlungu nthawi zambiri kumakhala zii.

Bwaloli limatchedwa RAF Lakenheath, dzina la asilikali a ku Britain, koma amene ali mkatimo ndi asilikali a ku America. Linatsegulidwa mu 1941 pa nkhondo yachiwiri yapadziko lonse, ndege za ku America zinayamba kufikapo mu 1948, ndipo gulu la 48th Fighter Wing, limene lilipo mpaka lero, linasamukira pamenepa mu 1960 kuchokera ku France. Zina mwa ndege zimene zinakaphulitsa mabomba ku Libya mu 1986 zinanyamukira pabwalo lomweli. Masiku ano zimene mudzamva ndi za mtundu wa F-15 ndi F-35, zomalizazi zinafika kumapeto kwa 2021.

Chimene chimandinyansa ndi anthu amene amakamba za mudziwu ngati khonde chabe la bwalo la ndege. Mudziwu unalipo kalekale bwaloli lisanaganiziridwe, moti unalembedwa m'kaundula wa malo wa mfumu William wa mu 1086. Poyamba unali doko, pakuti unakhala m'mphepete mwa madambo aakulu otchedwa Fens, amene asanaphwetsedwe anthu ankayendamo pa mabwato. Kumtunda kwake kuli mchenga wosabereka bwino, ndipo kumeneko amonke a mumzinda wapafupi wa Ely ankawetako akalulu ochuluka, n'kumagulitsa nyama ndi zikopa. Tchalitchi cha St Mary, chimene chili pa msewu waukulu wa pamudzipo, chili ndi zithunzi zojambulidwa pakhoma zaka mazana ambiri zapitazo ndi mabenchi osemedwa nyama m'mbali mwake. Ine ndinkalowamo kukapumula ndikaweruka msanga. Ngakhale pansi pa bwalo lenilenilo pali mbiri: mu 1997 anafukulamo manda a msilikali amene anaikidwa pamodzi ndi hatchi yake zaka pafupifupi 1,500 zapitazo, ndipo mafupa ake ali m'nyumba yosungiramo zinthu zakale ya ku Mildenhall. Ana anu mudzawatengere kumeneko.

Koma kunena zoona, chimene chinandiliza ku Lakenheath si ndege ayi. Ndi nyumba ndi mayendedwe. Asilikali a ku America amapatsidwa ndalama ya lendi ndi boma lawo, choncho eni nyumba ambiri amaika mitengo poyang'ana thumba la msilikali, osati la wosamalira okalamba. Mwini nyumba wina anandionetsa zipinda zonse, tinagwirana chanza, koma patapita masiku awiri anandiimbira kuti wapeza banja la kubwalo. Ndinakhala miyezi inayi m'kachipinda kamodzi m'nyumba ya mnzanga wa kuntchito, masutikesi ali pansi pa bedi. Ndimakhulupirira ndithu kuti olemba ntchito amene amaitana munthu kuchokera ku Malawi n'kumuuza kuti nyumba akadzionere yekha m'dera ngati limeneli akumulakwira, ndipo munthu asavomere zimenezo chifukwa chongothokoza kuti ntchito yapezeka.

Za sitima ndiye musanamizidwe ndi mapu. Siteshoni yotchedwa Lakenheath iliko, panjanji ya pakati pa Ely ndi Norwich, koma ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 5 kuchokera pamudzi, ndipo m'masiku anga sitima zinkaimapo Loweruka ndi Lamlungu lokha. Ine posadziwa ndinayenda wapansi Lachiwiri lina m'mphepo yozizira, magalimoto akundipyola m'msewu wopanda njira ya oyenda pansi, n'kukaima pamenepo ndikuona sitima zikudutsa osaima. Mabasi opita ku Mildenhall ndi ku Brandon alipo, koma sagwirizana ndi munthu woyamba ntchito mbandakucha kapena woweruka usiku.

Za sukulu ndi masitolo

Pamudzipo pamakhala anthu oposa 4,000. Pali sukulu ya pulayimale, chipatala chaching'ono cha dokotala wa m'dera, laibulale, sitolo ya Co-op ndi malo angapo ogulitsa zakudya zophikaphika. Sekondale ili ku Mildenhall kapena ku Brandon, ndipo chipatala chachikulu chili ku Bury St Edmunds. Ufa wa nsima ine ndinkakagula ku Cambridge.

Ulendo wanga wopanda pake wa kusiteshoni uja unandipindulira chinthu chimodzi, chifukwa pafupi pomwepo ndinapeza malo otetezera mbalame a Lakenheath Fen. Bungwe loteteza mbalame la RSPB linatenga minda ya karoti mu 1995 n'kuibwezera kukhala dambo la bango, ndipo mu 2007 mbalame zazitali miyendo zimene Angerezi amazitcha crane zinayamba kuswana pamenepo, patapita zaka mazana zitasowa m'madambowo. Kununkhira kwa matope ndi bango kunkandikumbutsa ku nyanja ya Chilwa, moti masiku opuma ndinkapitako kawirikawiri pa njinga.

Tsono mayi, mukhoza kukhalako, ndipo ana adzazolowera phokoso msanga kuposa inu. Musananyamuke, olemba ntchito akulembereni pa pepala za nyumba ndi mtengo wake. Bwerani ndi laisensi yanu yoyendetsera galimoto: ya ku Malawi imagwira ntchito miyezi 12 yokha ndipo sasinthanitsa ndi ya ku Britain, choncho mukangokhazikika mulembetse mayeso a ku Britain.