Funsani Aphunzitsi: ansala yanga ya mechanics yasiyana ndi ya anzanga

FUNSO: Aphunzitsi, ndine mtsikana wa Fomu 4 pa sekondale ina kuno ku Dedza ndipo ndimatenga Additional Maths. Lachinayi lapitali tinalemba moko ya mechanics ndiye titangotuluka mu holo aliyense anayamba kufunsa mnzake kuti iwe wapeza chani iwe wapeza chani, panali funso la pulley loti mbali ina ya chingwe kuli 5 kg mbali inayo kuli 3 kg tipeze acceleration ndi tension, ine ndinapeza 2.45 ndi 36.75 koma anyamata awiri amene amakhoza kwambiri mkalasi mwathu onse anapeza 2.5 ndi 37.5, winanso akuti tension ndi 50. Panalinso funso la mwala woponyedwa mmwamba pa 20 m/s akufuna velocity pakatha masekondi 3, ine yanga inatuluka ya minus, -9.4, anzanga akuti 10. Usiku pa gulupu ya WhatsApp ndiye zinangonyanya, sindinagone ndipo Chemistry ya mawa lake ndinalemba mutu uli kwina. Kodi ndangolephera basi? Mwina ndingoisiya Additional yi?

Mtsikana wodandaula, Dedza

YANKHO: Mwana wanga, tenga pepala ndi cholembera tiwerengere limodzi, chifukwa ndikangokuuza kuti usadandaule sukhulupirira. Mbali ya 5 kg ndi imene ikutsika, ndiye timalemba 5g - T = 5a, pomwe T ndi tension (mphamvu imene chingwe chikukoka nayo), a ndi acceleration (mmene liwiro likuonjezekera), g ndi acceleration ya chinthu chogwa chokha. Mbali ya 3 kg ikukwera, T - 3g = 3a. Ukaphatikiza mizere iwiriyi T amachoka, kutsala 2g = 8a, kutanthauza kuti a ndi g kugawa ndi 4. Tsopano taona apa. Ukaika 9.8 pa g ukupeza 2.45, ukaika 10 ukupeza 2.5. Tension nayo chimodzimodzi, T = 3g + 3a, ndi 9.8 ikutuluka 29.4 kuphatikiza 7.35 yomwe ndi 36.75, ndi 10 ikutuluka 30 kuphatikiza 7.5 yomwe ndi 37.5. Ndiye iwe ndi anyamata awiri aja munayenda njira imodzi kuyambira pamwamba mpaka pansi, mwangosiyana pa g basi. Mechanics ukuidziwa iwe, munthu wosaidziwa safika pa 36.75 mwangozi.

Chatsala ndi choti pepala lija linanena chani za g. Mphamvu imene dziko limakokera zinthu pansi imapangitsa chinthu chogwa kuonjezera liwiro pafupifupi 9.8 m/s sekondi iliyonse, 10 uja ndi wongofupikitsa kuti masamu asavute, ndipo olemba mafunso nthawi zambiri amanena okha kuti mugwiritse iti, mwina pa chikuto mwina kumapeto kwa funso lenilenilo. Ana ambiri malangizo a pa chikuto sawerenga, amangoti akamva kuti yambani ndiye atsegula kale tsamba lachiwiri. Ngati linati 10 iwe nkugwiritsa 9.8, chimene chingakuthawe ndi malikisi a ansala yomaliza, koma a njira alipo ndithu, chifukwa wochonga masamu sayang'ana nambala ya pansi yokha, amatsata mzere ndi mzere, equation yoyamba, yachiwiri, kuphatikiza kuja, zonsezo zili ndi malikisi ake. Nchifukwa chake timakukakamizani kuti working yonse izioneka pa pepala, osati kuwerengera pa desiki kapena pachikhatho kenako nkungolemba ansala.

Amene ndikumudera nkhawa ine ndi wa 50 uja. Iyeyo anatenga kulemera kwa 5 kg nkuti ndiye tension, kuiwala kuti katunduyo akuyenda. Chingwe chikanakhala chikukoka ndi 50 N yonse bwenzi 5 kg itangoima malo amodzi osatsika. Njira yodziyesera wekha uli mu holo momwemo ndi iyi, tension iyenera kukhala pakati pa kulemera kwa zinthu ziwirizo, kuposa 30 kuti yaing'ono ikwere, kuchepera 50 kuti yaikulu itsike. 36.75 ili pakati, 37.5 ili pakati, 50 ayi. Ukamuona mnzakoyo umuonetse bwinobwino, osati pagulu.

Za mwala zija minus yako ndi yolondola ndipo ndasangalala kuti sunaifufute. v = u + at, pomwe u ndi liwiro loyambira, t ndi nthawi, v ndi velocity imene akufuna, ukatenga kumwamba ngati plus ndiye g amakhala minus, 20 kuchotsa 9.8 katatu ndi -9.4. Mwalawo umasiya kukwera pakangotha masekondi awiri ndi pang'ono, pofika lachitatu ukubwerera pansi, minus ija ikunena zimenezozo. Anzako a 10 aja anagwiritsa g wa 10, anapeza -10 kenako minus anaitaya, mwina poiopa. Ngati analemba kuti 10 m/s chotsika palibe vuto, koma ngati anangosiya 10 yekha pomwe funso lati velocity osati speed, iwe wayankha mokwanira kuposa iwowo.

Tsono chimene chandiwawa mkalata yako si pulley ayi, ndi Chemistry. Pepala la mechanics linali litapita kale, palibe chimene ukanasintha olo ukanakhala pa gulupu mpaka tambala woyamba, koma Chemistry inali isanalembedwe ndipo ndi imene yalipira. Komanso dziwa kuti zimene anthu amanena panja pa holo si zonse zimene analembadi, wina amakumbukira funso molakwika, wina wangomva kwa mnzake wanzeru nkuyamba kunena ngati yake, ndipo amene amakuwa kwambiri nthawi zambiri nayenso ali ndi mantha akufuna wina amuvomereze. Pano ndi moko, mapepala abwera ndipo uona wekha pamene cholembera chofiira chadutsa. Koma MSCE ikamadzafika, mu chisanu cha kwanuko chomwe zala zimachita kuuma m'mawa, pepala la MANEB likapita lapita suliwonanso, ndiye ukatuluka uzingotenga juzi yako nkumapita kukadya, gulupu uitseke kaye mpaka pepala lomaliza. Additional usaisiye. Ngati ukulota za engineering ku MUBAS kapena ku MUST, zinthu zomwezi za forces ndi motion ukazipeza chaka choyamba zikukudikira.

FUNSO: Aphunzitsi ine vuto langa ndi inclined plane, sindidziwa kuti sin ndiike pati cos ndiike pati ndimangolota. Pa mayeso athu panali bokosi la 4 kg pa malo otsetsereka a 30 degrees, g anatipatsa 10, anzanga ena apeza 20 N ena 34.6 N koma ine kalikyuleta inandipatsa -39.5 ndiye ndinangolemba choncho nthawi inali itatha. Kalikyuletayo ndinabwereka kwa achimwene anga amene ali ku koleji. Kodi ndi yowonongeka?

Mnyamata wa Fomu 4, Tsangano, Ntcheu

YANKHO: Siyowonongeka, achimwene akowo anaisiya pa radians, njira ina yoyezera angle m'malo mwa degrees. Kalikyuleta ikakhala pa radians ukadina sin 30 imakupatsa -0.988, uchulukitse ndi 40, komwe ndi kulemera kwa bokosilo (4 kuchulukitsa ndi 10), ndi imeneyo -39.5 yakoyo. Ndiye nkhani yabwino ndi yoti unasankha sin ndipo sin ndi amene amafunika ngati funso limafuna mphamvu yokokera bokosilo chotsetsereka, 40 kuchulukitsa ndi 0.5, 20 N. Uyang'ane pamwamba pa sikirini, pazioneka ka D kapena DEG, pakaoneka R usinthe pa mode. Ndipo chizolowezi ichi uchigwire, usanalowe mu holo dina sin 30, ikapanda kukupatsa 0.5 usakhale pansi usanaikonze. Kalikyuleta yobwereka uziitenga masiku angapo mayeso asanafike kuti zala ziizolowere.

Za kulota sin ndi cos, ganiza lole yodzadza matumba a kachewere itaima pa malo a fulati, angle ndi 0. Palibe chikuikokera kutsogolo, ndipo sin 0 ndi 0, ndiye mphamvu yotsata msewu ndi mg sin, mg kukhala kulemera kwa loleyo. Kulemera konse kukupsinja msewu, ndipo cos 0 ndi 1, ndiye yopsinja ndi mg cos. Lole yomweyo ikayamba kutsika Khwekhwerere kulowera ku Golomoti angle yakula, sin wakula, nchifukwa chake dalaivala amatsika ndi giya yoyenda pang'onopang'ono phazi lili pa buleki. Ukaiwala mu mayeso ingodzifunsa kuti pa fulati chimakhala ziro ndi chiti. A 34.6 aja anapeza yopsinja ija, ndi nambala yofunika ndithu koma ntchito yake ndi ina, ndi R amene umamuchulukitsa ndi coefficient kuti upeze friction, ndipo apa ndi pamene ambiri amagwa chifukwa amaika 40 yense ngati R kuiwala kuti bokosi lili pa phiri. Jambula chithunzi nthawi zonse, mivi yonse ya mphamvu ionekere, olo chikhale chokhota. Chinanso, ansala ikatuluka yachilendo ngati minus pamene sukuyembekezera ndipo nthawi yatha, siya working yako yonse osaikhwatcha, 40 sin 30 yolembedwa bwino ili ndi malikisi ake.

FUNSO: Ine ndine mayi wa ku Bembeke, sukulu sindinapite nayo patali ndiye za masamuzi sindizidziwa. Mwana wanga wamwamuna anabwera Lachisanu akuti walephera mayeso a mechanics chifukwa zimene anapeza iye zasiyana ndi za anzake onse, kuyambira tsiku limenelo nsima akungoitola pang'ono, akungokhala mchipinda akuti ndalama za fizi ndangozitaya. Ndimuthandize bwanji aphunzitsi?

Mayi, Bembeke

YANKHO: Amayi, zikomo kuti mwalemba, ndipo musadzichepetse, mwaona msanga kuti mwana sali bwino ndipo chimenecho ndiye chachikulu. Choyamba mwanayo sanaone malikisi ake, wangomva za anzake, ndipo mukawerenga makalata awiri ali pamwambawa muona kuti kusiyana ansala nthawi zina ndi kanthu kakang'ono zedi. Mumuuze awerenge yekha. Chachiwiri mechanics ndi gawo chabe la phunziro limodzi. Pa MSCE phunziro lililonse limapatsidwa giredi kuyambira 1 mpaka 9, 1 ndi 2 ndi distinction, 3 mpaka 6 ndi credit, 7 ndi 8 ndi pass, 9 ndiye kulephera, ndipo mapointi amene mumamva anthu akutchula aja amawerengera maphunziro asanu ndi limodzi amene mwana wakhoza bwino koposa. Kuti apikisane nawo malo ku mayunivesite a boma kudzera ku NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro a ukachenjede, pamafunika ma credit asanu ndi limodzi kuphatikizapo English. Ndiye funso limodzi kapena awiri a pa moko sangatseke zonsezo.

Koma mawu oti mwataya ndalama aja ndi amene ndikufuna muwayankhe inuyo, chifukwa mwanayo akudziwa mmene fizi imapezekera pakhomopo, akuona matumba amene mumagulitsa, ndiye akudziona ngati wakulakwirani. Musadikire kuti atuluke yekha, lowani mukhale naye pansi mumuuze ndi pakamwa panu kuti simunamuwerengere ngongole. Osamufunsa kuti nanga anzako akhoza bwanji, funso limenelo wadzifunsa kale kokwanira. Mapepala akabwera mupite naye kusukulu kapena mutume amalume ake, mukapemphe aphunzitsi a masamu akhale naye mphindi zochepa amuonetse pamene panathawa malikisi, aphunzitsi ambiri sakana kholo likabwera lokha. Ndipo ngati kusadyaku kupitirira, kapena mukamva akuyankhula zoti bola kufa kaya zoti moyo watopa nawo, musazitenge ngati zachibwana, musamusiye yekha, pitani naye kuchipatala chapafupi tsiku lomwelo mukafotokoze zonse mmene mwandifotokozera inemu.