Digiri ya unamwino ndi ntchito ya kunja: yankho kwa mayi wina

Mayi wina wanditumizira imelo kufunsa ngati mwana wawo, amene wangokhoza MSCE, akachite digiri ya unamwino ku yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS kuti mtsogolo adzagwire ntchito kunja. Mayi, funso lanu landifika pamtima, poti ineyo ndine namwino ndipo ndikugwira ntchito kuno ku England.

Mapepala ndinali nawo onse. Mayeso a Chingerezi a IELTS ndinakhoza, a unamwino a pakompyuta (CBT) ndi oonetsa luso la ntchito (OSCE) chimodzimodzi, bungwe loyang'anira anamwino kuno la NMC linandilemba m'kaundula wake. Koma palibe mayeso amene anandikonzekeretsa tsiku limene dokotala wamkulu, waimvi zake, anandiuza kuti ndizimutchula dzina lake loyamba. Lilime linakana! Ife tinakula tikugwada popereka madzi, maso pansi. Kuno ukayang'ana pansi, wodwala amayesa ukumubisira kanthu. Dokotala akalemba mlingo wa mankhwala wokayikitsa, uyenera kumufunsa pomwepo, ndipo ukangokhala chete mlandu ndi wakonso.

Ulemu wathuwu sindikuunyoza ayi. Agogo a m'wodi amandikondera womwewo. Chimene chimandiwawa ndi momwe timaphunzitsira ana. Mwana wokonda kufunsa timamutcha wamwano. Amaloweza manotsi kuyambira pulayimale mpaka kukoleji, kenako pa intavyu akungoti "inde bwana" pa chilichonse, ngakhale funso sanalimve, ife n'kumadabwa. Aphunzitsi sindiwada kwenikweni, kalasi yodzaza mpaka pakhomo angamvere bwanji funso la aliyense? Koma kunyumba tilibe chowiringula. Mwana wanu muzimulola kukutsutsani, bola apereke zifukwa.

Ndiye pali maejenti. Kuyambira July 2025 Britain inasiya kupereka viza kwa anthu atsopano ochokera kunja ofuna ntchito yosamalira okalamba, koma pa Facebook ndi WhatsApp akadalipo anthu amene akulandira ndalama za anzawo polonjeza ntchito yomweyo. Chonde musagulitse munda.

Nanga mwana wanuyo achite chiyani?

Digiriyo achite. Akamaliza ayambe wagwira ntchito ku Malawi komweko, manja azolowere odwala. Malawi ili pa mndandanda wa WHO, bungwe loona zaumoyo padziko lonse, wa mayiko osowa ogwira ntchito zachipatala, choncho zipatala za kuno siziloledwa kukasaka anamwino kumeneko. Iye mwini ndiye adzafunsire ntchito mwachindunji. Pa IELTS, NMC imafuna 7 pomvetsera, powerenga ndi polankhula, ndi 6.5 polemba.