Mwana wanga akukakhala payekha ku sekondale: ndimukonzekeretse bwanji?

FUNSO: Mwana wanga wamwamuna wa zaka 14 wasankhidwa kukayamba Fomu 1 pa sukulu ya CDSS imene ili kutali ndi kwathu. Popeza pasukulupo palibe malo ogona, tamupezera chipinda cha lendi chimene azikhala ndi mnzake. Nkhawa yanga ndi yakuti sadziwa kuphika ngakhale phala, chifukwa bambo ake amati kukhitchini n'kwa atsikana. Kodi phunziro la Life Skills silikamuthandiza? Mayi wa ku Bembeke, Dedza.

YANKHO: Mayi, phunziro la Life Skills ndi lofunika, pakuti limathandiza ana kuganiza asanachite chinthu, kukana zochita zoipa za anzawo ndiponso kudziteteza ku HIV, koma mphunzitsi amene ali ndi kalasi lodzaza sangaime pamoto ndi mwana aliyense kumuonetsa kavundulidwe ka nsima. Ntchito imeneyo ndi yapakhomo, ndipo ndi yanu pamodzi ndi bambo ake, amene muyenera kuwakumbutsa mwaulemu kuti ku lendiko sikudzakhala mlongo wake womuphikira.

Yambani lero lomwe. Mupatseni mthiko aziphika chakudya chamadzulo cha banja lonse, ndipo nsima ikachita mibulu musamulande mthikowo kapena kumuseka, chifukwa mwana amene wachititsidwa manyazi kukhitchini safunanso kubwererako. Aphunzirenso kuviika nyemba usiku kuti zisamalize makala, ndi kuchapa yunifolomu yake.

Chovuta kwambiri, mwa kuona kwanga, ndi ndalama. Ana ambiri a pa lendi sagona ndi njala chifukwa makolo sanatumize kanthu ayi, koma chifukwa ndalama ya mwezi wathunthu yathera pa mandasi, tchipisi ndi mayunitsi sabata yoyamba. Akadali pakhomo, mupatseni ndalama ya ndiwo ya sabata imodzi, mumutume yekha kumsika, ndipo chilichonse chimene wagula, kaya ndi mchere, sopo kapena kamulu ka tomato, azilemba m'kope. Akapita kusukulu, ufa, nyemba ndi mbatata ya kachewere zizichokera kumunda kwanu, pamene ndalama muzitumiza pang'onopang'ono pa Airtel Money kapena Mpamba. Ikatha nthawi isanakwane, muyambe mwamufunsa za kope lija musanawonjezere ina. Komabe musamulange ndi njala, popeza mwana wanjala amathawa m'kalasi kukagwira ganyu.

Pali chinthu china chimene ndikupemphani kuti musachiiwale. Inu mukuidziwa mphepo ya ku Dedza m'miyezi ya June ndi July, pamene ana amalowetsa mbaula m'chipinda n'kutseka chitseko ndi zenera kuti afunde. Makala akamayaka m'chipinda chotseka amatulutsa mpweya woipa umene suoneka ndiponso sununkha, ndipo umapha munthu ali m'tulo. Muuzeni momveka bwino kuti mbaula imagona panja, ndipo mumugulire bulangete lochindikala.

Tsiku lokamusiya, mukaonane ndi mwini nyumba komanso mphunzitsi wa kalasi lake, muwasiyire nambala yanu ya foni. Mwanayo adziwenso kuti wina akamamuzunza kapena kumuopseza angathe kuuza aphunzitsiwo, ngakhalenso kuimba pa nambala yaulere ya 116 imene imathandiza ana.