Kwa aphunzitsi a ku Nkhotakota amene afunsa za kontirakiti ya buku lawo

Aphunzitsi, mwanena kuti kampani ina yosindikiza mabuku ku Lilongwe yakonda nthano zanu za ana, ikufuna kukupatsani K500,000 mukangosaina, kenako 10 peresenti pa buku lililonse logulitsidwa. Funso lanu n'lakuti kodi ndalama ziwirizi mudzalandira chilichonse pachokha? Ayi. Ine ndikuyankha ndili kuno ku Salima, ndipo ndikukupemphani kuti musasaine msanga.

K500,000 imeneyo ndi adivansi, ndalama yanu yomwe ya m'tsogolo imene akukupatsiranitu. Zili ngati mwini boti ku Senga Bay akapatsa asodzi ake ndalama asanalowe pamadzi: usipa ukagulitsidwa amayamba wachotsa yake ija, kenako n'kugawana zotsala. Buku likayamba kuyenda, gawo lanu limayamba labweza adivansi yonse, ndipo pakati ponsepo simulandira kanthu. Ubwino wake ndi wakuti m'makontirakiti ambiri buku likapanda malonda, wolemba sabweza adivansi. Amabweza akalephera kupereka ntchito imene analonjeza. Koma zimenezi zilembedwe, musangomva pakamwa.

Pamene pagona nkhani ndi pa 10 peresentiyo. Afunseni kuti ndi 10 peresenti ya chiyani. Tiyerekeze kuti buku lanu likugulitsidwa K10,000 m'sitolo. Ngati akuwerengera pa mtengo umenewu, inu mupeza K1,000 pa buku, ndipo adivansi idzatha pakagulitsidwa mabuku 500. Koma makampani ambiri amawerengera pa ndalama imene yalowa m'thumba mwawo. A sitolo ya mabuku sagula pa mtengo wonse, amachotseredwa kuti nawonso apindule. Akachotseredwa 30 peresenti, kampani ilandira K7,000, inu K700 basi. Pamenepo adivansi siitha mpaka mabuku 715 atagulitsidwa. Akasindikiza mabuku 1,000 n'kutha onse, njira yoyamba mudzawonjezeredwa K500,000, yachiwiri K200,000. Pepala n'lomwelo, peresenti ndi yomweyo, koma K300,000 yapita. Ndipo kampani imadulanso msonkho wopita ku MRA pa ndalama zotere musanazigwire, choncho muziitanitsa chikalata chosonyeza kuti msonkhowo wadulidwadi.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi nkhani ya umwini. Pali kusiyana pakati pa kuloleza kampani kusindikiza buku lanu kwa zaka zingapo, ndi kuigulitsa umwini wonse. Mukaona mawu akuti mukupereka ufulu wonse, m'zilankhulo zonse, m'maiko onse, kwa nthawi yonse, imani kaye. Nthano za ana zimakhala ndi moyo wautali. Mawa wina adzafuna kuzimasulira m'Chitumbuka kapena m'Chiyao, a wayilesi adzafuna kuziseweretsa, kapena buku lidzasankhidwa kuti liziwerengedwa m'sukulu. Kuno kwathu ndalama zenizeni za mabuku zili kusukuluko, ndipo amene anagulitsa umwini ndi ndalama ya kamodzi amangoona ana atanyamula buku lake iye alibe ndi ya sopo yomwe. Apatseni chimene angathe kuchigwiritsa ntchito panopa, monga buku losindikizidwa m'Chichewa, logulitsidwa m'Malawi muno, kwa zaka zisanu. Zina zonse zikhale zanu, kapena mugwirizane kagawidwe kake padera.

Pakhalenso ndime yonena kuti buku likatha pamsika iwo osalisindikizanso, kapena akalephera kulitulutsa pa nthawi imene mwapangana, umwini ubwerere kwa inu. Popanda ndime imeneyi ntchito yanu ikhoza kugona m'kabati mwawo zaka ndi zaka, inu osaloledwa kupita nayo kwina.

Tsono za malipoti. Muli ku Nkhotakota, nyumba yosungira mabuku ili ku Lilongwe. Mudzadziwa bwanji kuti agulitsa angati? Kontirakiti inene kuti azikutumizirani lipoti kangati pachaka, kamodzi kapena kawiri, losonyeza osindikizidwa, ogulitsidwa, otsala ndi operekedwa ulere, komanso tsiku lolipira. Inenenso mabuku angati aulere amene inu mudzalandire, ndi kuti wojambula zithunzi alipidwa ndi ndani, chifukwa m'mabuku a ana nthawi zina gawo lake limachotsedwa pa peresenti yomweyo ya wolemba.

Wina m'gulu muno wati iye anauzidwa kuti alipire kaye kampani isanasindikize buku lake. Kumeneko ndi kusindikiza kodzilipirira, ndipo si kulakwa, koma ngati ndalama ndi zanu, mabuku onse ndi phindu lake zikhalenso zanu, osati 10 peresenti.

Pemphani kuti akupatseni kontirakitiyo mupite nayo kunyumba. Kampani yachilungamo siingakane. Muionetse kwa a COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito zaluso pansi pa lamulo la Copyright la 2016, lomwe limatoleranso ndalama kwa amene amachita fotokope mabuku. Kulembetsa kumeneko n'kofunika kwa inu. A Malawi Writers Union nawonso ali ndi anthu amene anasainapo makontirakiti otere. Ngati simukuona vuto, jambulani ndime ya malipiro ndi ya umwini, mubise maina, muike pano tiwerengere limodzi.