Mwana waona nyumba za ku New York zikugwa pafoni, ndimuuze chani agogo

Mdzukulu wanga wina wandilembera kuti agogo ndithandizeni. Akuti anali ndi zaka 9 tsiku lija ndege zinawomba nyumba ziwiri zazitali ku New York, anaonera pa TV ya aneba atakhala pasimenti ndi anzake, bambo wina mnyumbamo nkunena kuti basi nkhondo yachitatu yayamba dziko latha, nde iyeyu kwa masabata angapo akangomva ndege ankathawira kunsi kwa bedi. Pano mwana wake wa zaka 8 waona vidiyo yomweyo pafoni ya msuweni wake, akufunsa ngati anthu odumpha pamawindo aja ndi filimu kapena zenizeni. Nde akuti amuuze zoona kapena atsate mwambo woti mwana sauzidwa za imfa.

Iwe mdzukulu, tsiku limenelo nane sindiliiwala, linali Lachiwiri pa 11 September 2001, ine ndikuphunzitsa pa pulayimale ina. Ndege yoyamba inawomba 8:46 mmawa nthawi ya ku New York, kuno 3 koloko masana isanakwane, ife titaweruka kale, ndinali pakhonde ndikuchonga makope kawailesi kali pambali. TVM, wailesi ya kanema ya boma, inali ndi zaka ziwiri zokha, nyumba za TV zowerengeka, nchifukwa chake ana munkathithikana pabalaza la munthu mmodzi. Ndege zinalandidwa zinayi ndi anyamata 19, ziwiri zinawomba World Trade Center nyumba za nsanjika 110 iliyonse, ina Pentagon likulu la asilikali a America, yachinayi inagwera patchire ku Pennsylvania okweramo atalimbana nawo achiwembuwo. Anafa anthu 2,977 osawerengera olandawo, ndipo 343 anali ozimitsa moto amene ankakwera masitepe pomwe anthu ena akutsika kuthawa.

Koma taona chimene chinakutsalira iweyo mumtima. Manambala onsewa sunawasunge, unasunga mawu a bambo aja oti dziko latha. Mkuluyo ankangoyankhula mantha ake osakumbuka kuti pansi pakhala ana, ndipo palibe anakuitanira pambali kukuuza kuti New York ili kutsidya kwa nyanja yamchere ndipo ndege zodutsa pamwamba pa mudzi wanu zikungopita ku Chileka kapena ku Lilongwe. Ife akuluakulu tinakulakwirani pamenepo, tinali tokoma kutsutsana za America ana mukunjenjemera pamiyendo pathu.

Za mwambozi anthu mumazimva mwatheka. Inde kumudzi mwana sitinkamuonetsa nkhope ya mtembo, kumanda sankapita, koma sitinkamusiya mumdima ayi, azakhali kapena agogo ankamutengera kuseri kwa nkhokwe nkumuuza kuti amalume ako atisiya sabweranso, lero ugona kwathu. Analipo ena onamiza ana kuti wapita ku Joni, ndipo ndinawaona ana amenewo akudikira pamsewu madzulo alionse, zomvetsa chisoni kuposa kulira kwa pasiwa. Mwambo unkateteza maso a mwana, bodza lija ankawonjezera ndi anthu oopa kufunsidwa mafunso.

Nde wakoyo maso ake aona kale, chatsala nkumukhazika mtima. Usamuyankhe uku ukuyang'ana foni, khala naye pamphasa olo pabedi, yamba wamufunsa kuti waona chani kwenikweni chifukwa pena mwana amaopa china chomwe iwe sukuganizira nkomwe. Kenako umuuze kuti eya zinachitikadi si filimu, zinachitika kalekale iye asanabadwe iwe uli mwana ngati iyeyo, dziko lakutali, anachita ndi anthu ochepa a gulu lotchedwa al-Qaeda, mtsogoleri wawo Osama bin Laden anaphedwa mu 2011 ku Pakistan. Za odumpha aja ungoti moto unawatsekera njira, basi osapitirira. Umuuzenso za ozimitsa moto aja, ndipo usachite manyazi kunena kuti nawe unkabisala kunsi kwa bedi, mwana amalimba akamva kuti adadi ake anaopapo nkukula bwinobwino.

Vidiyoyo asaionerenso, ndipo ukayankhule ndi makolo a msuweniyo mwaulemu, osati kukalipira mwana wa eni. Apa ndikunena ndi achinyamata nonse, anthu akugwa aja ndi maliro a eni ake, alipo ana awo ndi amayi awo mpaka lero, mukamatumizirana pa TikTok mwaikamo kanyimbo mukuchita zomwe mumachita pa ngozi ya minibasi, kujambula mtembo nkuponya pagulupu ya WhatsApp abale asanauzidwe. Kwathu uthenga wa maliro unkayenda ndi munthu wosankhidwa, amafika nkukhala pansi kaye. Ndipo musati izi nza azungu, pa 7 August 1998 gulu lomweli la al-Qaeda linaphulitsa maofesi a kazembe wa America ku Nairobi ndi ku Dar es Salaam, anafa 213 ku Nairobi ndi 11 ku Dar, pafupifupi onse anthu wamba a ku Kenya ndi Tanzania, ena ali mu basi ena ali pa ntchito. Chaona mnzako chapita.

Pali china sunafunse koma ndichinena poti chimandiwawa ine mwini. Sabata yotsatira kusukulu ana anayamba kuitana mnyamata wina wa Sitandade 5 kuti Osama, mwana wachisilamu wofatsa wodziwa masamu, ankavala kofia akaweruka. Ndinamva ndi makutu angawa pa bwalo la mpira nkungodutsa, mumtima ndimati nzachibwana zitha zokha. Sizinathe, dzinalo linamumatirira, anasiya kukweza dzanja mkalasi, pa bureki nkumakhala yekha kuseri kwa buloko. Mawu awiri okha anga akanathetsa zonsezo tsiku loyamba lomwelo. Nthawi imeneyo pulezidenti wathu Bakili Muluzi anali msilamu, pamsika tikugulana nsomba, pamaliro tikukumbirana manda, koma zinalowa pakati pathu ndithu, mpaka mu 2003 atamanga anthu asanu akunja ku Blantyre powaganizira za al-Qaeda nkuwatulutsa mdziko, ku Mangochi kunabuka zipolowe matchalitchi nkuwonongedwa.

Nchifukwa chake mwana wako akafunsa kuti anachita ndani utchule dzina la gululo osati chipembedzo, ndipo umuuze kuti mnyumba zija munafa asilamu, akhristu ndi ena ochokera maiko ambirimbiri. Ukamumva tsiku lina akupatsa mnzake dzina lotere usadutse ngati ine, umuimike pomwepo akapepese.

Usiku wa lero agone pafupi nawe, nyale ikhale yoyaka ngati akufuna. Mawa akafunsanso zomwezo umuyankhenso modekha olo kachisanu, ana amabwereza kuti aone ngati yankho silisintha. Pakatha sabata undilembere mmene akugonera.