Frankenstein wamalata uja musamupente ayi

Achimwene ena amene amagwira ntchito mumzinda wa Leeds ku England andilembera kuti anagula chidole chakale cha Frankenstein, chilombo cha m'mafilimu oopsa, pamsika wa zinthu zakale. N'chamalata, chalembedwa kuti chinapangidwa ku Japan, chili ndi zilembo T.N, koma sichikuyenda ndipo chakalikakalika. Akufunsa ngati angachipente n'kuikamo mabatire.

Achimwene, burashiyo isiyeni. Zilembo T.N ndi chizindikiro cha kampani ya Nomura, imodzi mwa makampani a ku Japan, monga Alps ndi Yonezawa, amene ankapanga zidole zoyendera mabatire m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960, zambiri n'kumazigulitsa ku America. Frankenstein wa Nomura wodziwika kwambiri ndi uja amagwedeza mikono moopseza, kenako buluku n'kumuvuka, nkhope n'kufiira ndi manyazi chifukwa cha kababu kamene kali m'mutu mwake. Mitundu ya pa zidole zotere inkasindikizidwa pa lata lisanapindidwe. Mukapakapo penti, ntchito imeneyo mwaikwirira, ndipo singabwererenso. Anthu osonkhanitsa zidolezi amalolera chokalika kusiyana ndi chopentedwa, ine ndimagwirizana nawo ndithu.

Tsegulani kaye mokhala mabatire, chifukwa zidole zambiri zinafera mmenemo. Mwana ankasewera nacho, n'kuchiiwala ndi mabatire momwemo, mabatirewo n'kutayikira, n'kudya tizitsulo togunda batire. Mukapezamo zoyerayera ngati mchere, nyowetsani kathonje ndi viniga pang'ono, mupukute, mudikire paume gwa. Dzimbiri la pa tizitsulo mungalipale mofatsa ndi sandipepa yosalala, koma pa tizitsulo pokhapo. Zidole zambiri zotere zimalowa mabatire aakuluakulu a saizi D, aja a m'tochi.

Mukayatsa n'kumva kamota kakulira koma chidole chili chilili, zimitsani msanga. Girizi wa zaka 60 amauma, ndipo mukakakamiza, timano ta magiya timathyoka. Musathamangirenso kuchiphwasula. Thupi lake analumikiza ndi timalilime ta lata topinda, ndipo tikapindidwa kawiri katatu timaduka. Mbali zofewa monga nkhope ndi manja zimang'aluka ndi dzuwa, choncho pawindo si malo ake. Mukamaliza kuchionetsa anzanu, mabatire muzichotsamo tsiku lomwelo.

Ngati mtima wanu wakopeka ndi zilombozi, zina zoyenera kuzidziwa ndi Great Garloo wobiriwira wa kampani ya Marx wa 1961, amene ndi wapulasitiki, King Zor wa Ideal wa 1962, komanso Godzilla wamalata wa Bullmark wa cha m'ma 1970. Ndikupemphaninso kuti mubwerere kwa amene anakugulitsaniyo mukafunse za katoni yake. Ana ankang'amba makatoni tsiku lomwe alandira mphatso, n'chifukwa chake otsala ndi ochepa, ndipo chidole chokhala ndi katoni yake yeniyeni chimakwera mtengo kwambiri. Ngakhale itakhala yong'ambika, itengeni, koma musaimate ndi selotepi.