Chifukwa Chake Nyimbo za Dead Moon Zimamveka Ngati Kaseti Yakale

Mwerengi wina wanditumizira imelo atamvera nyimbo za gulu la ku America la Dead Moon pa YouTube, ndipo akufunsa kuti: "Nyimbozi zandifika pamtima, koma n'chifukwa chiyani zimamveka ngati kaseti yotha ntchito? Kodi anthu amenewa analibe ndalama zolipirira situdiyo yabwino?"

Zikomo kwambiri chifukwa cha funso lanu. Ndalama analibedi zambiri, koma kukalipa kwa mawu kumene mukukumvako anakusankha dala, ndipo chifukwa chake chili m'mbiri ya Fred Cole, yemwe ankayimba ndi kuliza gitala m'gululi.

Fred anabadwa mu 1948 ndipo anayamba kujambula nyimbo akadali mnyamata. Cha m'ma 1960 anali m'gulu lotchedwa The Weeds, koma amene ankawayendetsera za malonda anasintha dzinalo n'kukhala The Lollipop Shoppe, dzina lotsekemera ngati switi lomwe silinkagwirizana m'pang'ono pomwe ndi ukali wa nyimbo zawo. Ine ndimaona kuti apa m'pamene pali gwero la nkhani yonse, pakuti munthu amene analandidwapo ngakhale dzina la gulu lake sangafunenso kuika ntchito yake m'manja mwa wina.

Choncho pamene anayambitsa Dead Moon mu 1987 ku Clackamas, kufupi ndi mzinda wa Portland m'chigawo cha Oregon, ali ndi zaka pafupifupi 40, zonse anazisunga pakhomo. Mkazi wake Toody, yemwe anakwatirana naye mu 1967, ankaliza besi ndi kuyimba, ndipo Andrew Loomis ankawomba ng'oma. Ankajambula okha, n'kutulutsa zimbale pansi pa kampani yawoyawo ya Tombstone Records, kuyambira ndi In the Graveyard mu 1988. Chochititsa chidwi kwambiri n'chakuti Fred anali ndi makina akale a Presto osemera nyimbo pa mbale, omwe Toody anamugulira ngati mphatso, ndipo makinawo ankasema mwa mono, kutanthauza kuti gitala, besi, ng'oma ndi mawu zonse zimapanikizana m'njira imodzi m'malo mogawanika kumanzere ndi kumanja. N'chifukwa chake khutu lozolowera nyimbo zosalala za masiku ano limayamba laganiza kuti sipika yawonongeka.

Mtundu wa nyimbowu umatchedwa garage punk. Kwathu kuno garaja ndi kokonzetsa galimoto, koma ku America mawuwa amanena za chipinda chosungiramo galimoto pakhomo, momwe achinyamata ankaphunziriramo kuyimba. Mukamvetsera bwino mupeza kuti nyimbo za Dead Moon zili ndi makodi ochepa, ng'oma zake n'zolemera ndi zosakongoletsa, ndipo mawu a Fred ndi okwera, onjenjemera, ngati a munthu amene akulira ndi kukalipa nthawi imodzi. Nthawi zina amaphonya mawu pang'ono, ndipo sankabwerera kukakonza. Pa siteji atatuwa ankayima mothinana kutsogolo, ng'oma zili pakati, kandulo ikuyaka pa botolo la mowa wa Jack Daniel's lomwe linali pamwamba pa ng'oma yayikulu.

Musaganize kuti analephera. Kwawo ku America wayilesi zikuluzikulu sizinkawalabadira, koma ku Ulaya, makamaka ku Germany ndi ku Netherlands, anali ndi anthu owakonda kwambiri ndipo ankapitako kawirikawiri. Gulu lotchuka la Pearl Jam lakhala likuyimba nyimbo yawo ya "It's O.K." pa zoimbaimba zake.

Dead Moon inatha mu 2006, ndipo Fred ndi Toody anapitiriza ndi gulu lina la Pierced Arrows. Loomis anamwalira mu 2016, Fred n'kutsatira mu Novembala 2017. Ngati mukufuna poyambira, fufuzani Echoes of the Past, chimbale chimene kampani ya Sub Pop inasonkhanitsamo nyimbo zawo mu 2006, ndipo muchimvere mokweza, osati pa kasipika ka foni.